Amayi sayenda mtunda wautali: tikonzekere bwanji ulendo wa ku Disney World?

Funso: "Banja lathu, anthu 6, tikukonza zopita ku Walt Disney World ku Orlando, ku America, kwa masiku 7, ndipo tikufuna kutenga amayi athu a zaka 72. Ali ndi nyamakazi m'mawondo onse awiri ndipo anachitidwa opaleshoni ya m'chiuno zaka ziwiri zapitazo. Pakhomo amayenda ndi ndodo, koma akayenda pang'ono amafuna pokhala. Njinga ya olumala akuikana, akuti iwo si olumala. Ana nawo akufuna kukwera chilichonse. Titani kuti ulendowu usakhale chizunzo kwa amayi?"

Yankho: Amayi akhoza kupita, ndipo akhoza kubwerako akusimba lokoma. Chofunika n'chakuti pokonza ulendowu muziganizira mphamvu zimene adzakhale nazo pa tsiku lachitatu. Tsiku loyamba aliyense amalimba chifukwa chimwemwe chimaphimba ululu. Nyamakazi imalipiritsa mochedwa: bondo limatupa usiku, m'mawa mwake limauma gwa, ndipo munthu amene analimba mtima n'kuyenda wapansi masiku awiri oyamba, lachitatu amatsala chigonere m'chipinda cha hotela adzukulu ali kokasangalala. Tsiku limenelo ndi limene tikufuna kulipewa.

Kukula kwa malowa anthu ambiri amakuzindikira atafika kale. Walt Disney World ndi mapaki 4 a zisangalalo otalikirana: Magic Kingdom, EPCOT, Hollywood Studios ndi Animal Kingdom. Si zachilendo munthu kuyenda makilomita 10 kapena kuposerapo pa tsiku limodzi. Kungozungulira nyanja ya ku EPCOT, kumene kuli zionetsero za maiko osiyanasiyana, ndi pafupifupi makilomita 2. Ku Magic Kingdom galimoto simuimika pachipata. Mumaisiya kutsidya la nyanja, kenako n'kukwera boti kapena sitima yoyenda pa njanji imodzi yotchedwa monorail. Amayi akhoza kutha mtunda wawo wa tsiku lonse asanaonetse n'komwe tikiti. Ndiyeno pali kuima pamzere. Kuima mphindi 40, kusuntha phazi limodzi n'kuimanso, kumapweteka bondo la nyamakazi kuposa kuyenda.

Choncho musanalipire chilichonse, yezani zinthu zitatu pakhomo pompo, kwa masiku angapo, m'mawa ndi madzulo, chifukwa thupi la m'mawa si la madzulo. Amayenda mamita angati asanafune pokhala? Angaime malo amodzi mphindi zingati? Nanga angadzuke okha pampando wotsika wopanda zogwirira m'mbali, ndiponso angatsike sitepe yakuya, yofika cha m'katumba, atangogwira dzanja la munthu? Mayankho awiri oyambawo akuuzani ngati pakufunika njinga. Lachitatulo ndi limene lidzasankhe zokwera zimene angakwere. Manambala amenewa pitani nawo kwa dokotala wawo ndi kwa a mafizo, mufunse mosapita m'mbali: kodi chiuno chija chili ndi malire a kupinda, kodi kugwedezeka mwamphamvu n'kololedwa, ndipo kodi ulendo wautali wa pandege ulibe vuto? Pemphani kalata ya m'Chingerezi yotchula matenda, chitsulo chimene anaikidwa m'chiuno, ndi maina enieni a mankhwala onse.

Nkhani ya kukana njinga musaipeputse, ndipo musaikambe pamaso pa ana. Munthu amene walera banja, amene amadziyendera pakhomo pake, akamva kuti "mukwere njinga" amamva kuti mwamuchotsa m'gulu la anthu amphamvu. Mawu akuti "simungathe" asatuluke pakamwa panu. Auzeni zoona zake: njingayo ndi ya mtunda, ngati mmene basi ilili ya mtunda, ndipo m'mapaki amenewa mwadzaza anthu amene kwawo amayenda okha koma kumeneko amakwera. Akafuna kuwongola miyendo adzatsika, n'kumaikankha okha ngati choyendera, adzukulu ataikapo zikwama. Bwerekani imodzi musananyamuke, muyese nayo kumalo kwina kwa mtunda kuti tsiku loikwera koyamba lisakhale pakati pa chikhamu cha anthu. Ndipo asankhe okha mtundu wake. Munthu amene wasankha yekha amakwera mokondwa.

Mitundu yake ndi iwiri: njinga yokankha, ndi njinga ya batire ya chiwongolero, imene kumeneko amaitcha scooter kapena ECV. Kwa amayi ngati anuwa, ngati maso akuona bwino, manja ali ndi mphamvu ndipo maganizo sasokonezeka, ine ndingasankhe ya batire. Imawapatsa ufulu wopita kumene akufuna popanda kupempha, ndipo msana wa munthu wokankha umapulumuka. Koma ngati amachedwa kuona chimene chili patsogolo, kapena amachita mantha anthu akachuluka, yokankha ndiyo yabwino. Njinga ya batire ilibe buleki yoponda. Imaima ukasiya kachitsulo kamene umafinya ndi chala. Munthu akadzidzimuka, dzanja limafinya m'malo mosiya, ndipo apa ndi pamene akakolo a anthu amavulalira. Tsiku lofika apatseni mphindi 15 pabwalo la hotela aphunzire kukhota, kubwerera m'mbuyo ndi kulowa m'chikepe, liwiro litaikidwa cha ku chizindikiro cha kamba. Ya matayala atatu imakhota pamalo opanikiza, ya matayala anayi ndi yokhazikika.

M'mapaki a Disney amabwereketsa njinga zonse ziwiri, koma dziwani malamulo ake. Simungasungitsiretu; woyamba kufika ndiye amatenga, ndipo za batire masiku otanganidwa zimatha m'mawa momwemo. Wobwereka ya batire ayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposa, ndipo pamakhala ndalama ya chikole. Chachikulu n'chakuti njinga ya m'paki situluka pachipata. Ndiye kuti kuchokera pachipata kukafika pokwerera basi, ndi kuchokera potsikira basi kukafika kuchipinda, amayi adzayenda wapansi, usiku, atatopa kale. Mtunda umenewo ndi umene umathyola anthu. N'chifukwa chake ndi bwino kubwereka kwa masiku onse 7 kumakampani a ku Orlando amene amabweretsa njinga kuhotela. Posungitsa auzeni kulemera kwa amayi, ndipo funsani kukula kwa njingayo: mabasi a Disney amanyamula njinga yosaposa masentimita 76 m'lifupi ndi 122 m'litali. Funsaninso nambala yoimba ikawonongeka muli m'paki. Batire izitchajidwa usiku uliwonse m'chipinda, ngakhale ikuoneka kuti ikadali ndi moto. Ikangolira n'kukana kuyenda, musathamangire kuimba foni. Yang'anani kachitsulo kakumbuyo kamene kamamasula matayala kuti izikankhidwa ndi manja, nthawi zambiri wina amakhala atakagunda. Kachitsulo kameneko musakamasule muli pamalo otsetsereka amayi ali pampando. Mvula ikayamba, phimbani chiwongolero ndi pepala la pulasitiki, chifukwa madzi akalowa pamenepo njinga imazima.

Mukasankha yokankha, pewani ya timatayala ting'onoting'ono kumbuyo. Imapepuka ponyamula, koma njira za ku Animal Kingdom anazipanga dala zokumbikakumbika ngati za m'tchire, ndipo timatayala timeneti timagwedeza chiuno tsiku lonse. Mumsewu waukulu wa ku Magic Kingdom muli njanji. Tayala lakutsogolo likayenda motsatira njanjiyo limalowamo, njinga n'kuima mwadzidzidzi, wokwera n'kuponyedwa kutsogolo. Idutseni mopingasa. Pamalo otsetsereka kwambiri tsikani chobwerera, inu muli kumunsi. Okankha akhale awiri kapena atatu osinthana. Ndipo tengani khushoni: mpando wa njinga yobwereka ndi nsalu chabe yolendewera, imene pakatha maola atatu imapweteka matako ndi chiuno. Amayi azisuntha thupi mphindi 15 mpaka 30 zilizonse, ndipo pa ola lililonse aziimirira n'kuyenda pang'ono, chifukwa bondo la nyamakazi likakhalitsa malo amodzi limaumanso. Wokankha azikumbukira kuti maso a amayi ali pamlingo wa zikwama ndi zigongono za anthu. Mukaima kuti mukambirane kolowera, tembenuzani njinga iyang'ane banja, asamangomva zokambirana zikuchitika kumbuyo kwa mutu wawo.

Tifike pa zokwera, pamene pagona nkhani yonse. Njinga imathetsa vuto la mtunda, koma chimene chimatha mphamvu m'paki ndi kusamuka: kudzuka panjinga, kutsikira m'boti kapena m'kagalimoto kotsika, kenako kudzukamonso. Kusamuka kulikonse muzikuwerenga ngati ndalama imene yachoka m'thumba la tsikulo. Kwa munthu wa mawondo awiri a nyamakazi ndi chiuno cha opaleshoni, kanayi kapena kasanu pa tsiku n'kokwanira, ndipo zovuta kwambiri zikhale za m'mawa.

Disney imagawa zokwera zake m'magulu, ndipo zalembedwa pa webusaiti ndi pa app yawo. Pali zimene munthu amalowa ali panjinga yake, monga zionetsero zambiri za m'maholo. Pali zina zimene zili ndi boti kapena galimoto yapadera yolowa njinga, monga Jungle Cruise ndi Living with the Land. Pa zina mwa izi wa njinga ya batire amayamba wasamukira panjinga yokankha imene amasunga pakhomo pomwepo. Pali zimene ayenera kusamukira pampando wa chokwera. Ndipo pali zimene ayenera kuyenda ndi miyendo yake basi, monga PeopleMover, imene kuti uifikire umakwera lamba woyenda wopendekera m'mwamba. M'gulu la kusamuka muli kusiyana kwakukulu. Ku Haunted Mansion umakwera utaponda lamba woyenda, koma ogwira ntchito akhoza kumuchedwetsa kapena kumuimitsa mukawauza musanafike pokwerera. Ku Space Mountain mpando uli pansi kwambiri, mawondo amakwera m'mwamba, ndipo umenewo ndi mkhalidwe umene chiuno cha opaleshoni sichiufuna. Kulowamo n'kotheka, vuto ndi kutulukamo. Safunsa anadya phula: pakhomo pa chokwera chilichonse funsani wogwira ntchito kuti sitepe yake ndi yakuya bwanji, pansi pamayenda kapena ayi, komanso makina akaima pakati anthu amatuluka bwanji, chifukwa nthawi zina potulukira pake ndi masitepe opanikiza mumdima.

Ogwira ntchito m'paki saloledwa kunyamula mlendo. Adzaimitsa makina, adzakusungirani njinga potulukira, koma kugwira amayi ndi ntchito yanu, choncho iphunzireni pakhomo. Imikani njinga pafupi kwambiri, mbali ya mwendo umene uli ndi mphamvu. Ngati ndi yokankha, mangani mabuleki onse awiri. Kankhirani zopondera kumbali. Munthu akaimirira ataponda zopondera, njinga imapendekera kutsogolo n'kumugwetsa chafufumimba. Amayi asendere kutsogolo kwa mpando, mapazi abwerere pansi pa mawondo, akankhe ndi manja pa zogwirira za njinga. Inu muwagwire m'chiuno, pa lamba wolimba. Musawakoke manja kapena kuwanyamula m'khwapa, chifukwa phewa la munthu wachikulire silichedwa kuguluka. Potsikira m'boti atsogoze mwendo wovutawo, potuluka atsogoze wamphamvu. Ndodo yopinda ikhale nawo nthawi zonse, m'dzanja la mbali yosiyana ndi mwendo wovuta.

Mwina munamva zoti munthu wa njinga sakhala pamzere. Musadalire zimenezo. Mizere yambiri ku Disney World ndi yotakasuka moti njinga imadutsa limodzi ndi anthu ena onse. A Disney ali ndi ndondomeko yotchedwa DAS, yolola munthu kudikira nthawi yake ali kunja kwa mzere, koma kuyambira 2024 anaipanikiza kuti ikhale makamaka ya anthu amene sangathe kudikira pamzere chifukwa cha mavuto a kakulidwe ka ubongo monga autism; kwa amene vuto lake ndi kuyenda kapena kuima, yankho lawo ndi njinga. Mapaki a m'maiko ena ali ndi malamulo awo: ku Disneyland Paris khadi lopatsa mwayi wolowa msanga amapereka munthu akaonetsa zikalata zovomerezeka za ulumali. Malamulo amenewa amasinthasintha, ndiye werengani a paki imene mukupitayo kutatsala milungu ingapo.

Za ana ofuna kukwera chilichonse, banja ligawike popanda manyazi. Anthu 6 sayenera kuyendera limodzi tsiku lonse. Lowani paki ikangotsegulidwa, kukadali kozizira ndipo mizere ili yaifupi, muchite limodzi zimene amayi asankha okha. Cha m'ma 12 koloko munthu mmodzi abwerere nawo kuhotela akagone maola awiri kapena atatu miyendo itakwezedwa pa pilo, ena atsale ndi ma roller coaster, zokwera zothamanga kwambiri pa njanji zokwera ndi kutsika. Madzulo mukumanenso. Woperekeza azisinthana tsiku ndi tsiku, kuti amayi asamaone kuti pali mwana mmodzi amene akumumanitsa chisangalalo. Pa masiku 7, a m'paki akhale 4, ndipo pambuyo pa masiku awiri otsatizana pakhale tsiku lopuma lenileni. Pa perete ndi makombola a usiku pali malo osungidwira anthu a njinga, koma amadzaza msanga. Zikatha musathamangire kuchipata. Khalani pomwepo mphindi 20 kapena 30 chikhamu chiphwe, chifukwa mabasi ambiri amanyamula njinga ziwiri zokha, ndipo kuyendetsa njinga ya batire mumdima pakati pa ana othamanga n'koopsa.

Hotela: mawu akuti chipinda cha olumala amatanthauza zinthu zosiyanasiyana. Lamulo la ku America la 1990 lotchedwa ADA limakakamiza mahotela kukhala ndi zipinda zotere, koma china chimakhala cha anthu osamva, china chimakhala ndi bafa lonyikamo thupi lofunika kudumpha mkombero wake, atangoikamo zitsulo zogwirira. Inu mukufuna shawa yopanda mkombero, yokhala ndi mpando ndi zogwirira, imene amaitcha roll-in shower. Khomo likhale losachepera masentimita 81 likatseguka, ndipo m'kati mukhale malo pafupifupi masentimita 150 otembenukira njinga. Funsani kutalika kwa bedi, muyerekeze ndi la pakhomo. Mabedi ambiri a m'mahotela ndi aatali moti munthu wamfupi mapazi amalendewera, ndipo munthu akhoza kugwa usiku popita kuchimbudzi. Funsaninso mtunda wochokera kuchipinda kukafika pokwerera basi ndi kodyera, ndiponso ngati nyumbayo ili ndi chikepe, chifukwa nyumba zina zosanja zilibe. Zonse akuyankheni polemba. Ubwino wa mahotela a Disney ndi woti basi zake zimakutsitsani pafupi ndi chipata cha Magic Kingdom, osadzera kutsidya kuja.

Pandege, dziwitsani kampani kutatsala maola osachepera 48 kuti amayi adzafuna thandizo. Thandizo la pabwalo la ndege salipiritsa. Amagwiritsa ntchito zilembo zitatu: WCHR ndi ya amene sangayende mtunda koma masitepe amakwera, WCHS ndi ya amene masitepe sangakwere, WCHC ndi ya amene ayenera kuperekezedwa mpaka pampando. Amayi alembetseni WCHS ngati masitepe amawavuta ngakhale pang'ono, chifukwa ndege ikaima kutali ndi nyumba anthu amatsika pamasitepe aatali achitsulo. Ngati musintha ndege, siyani maola atatu pakati, popeza wa njinga amatsika pomalizira. Mpando ukhale wa mphepete mwa kanjira, pafupi ndi chimbudzi. Mukatenga njinga yanu, pemphani kuisiya pakhomo la ndege, chotsani khushoni ndi zopondera mulowe nazo, ijambuleni musanaipereke, ndipo ikawonongeka lembetsani musanatuluke pabwalo. Ngati ndi ya batire ya lithium yochotseka, batireyo imalowa nanu m'ndege ndipo isapose 300 Wh, umene ndi muyeso wa mphamvu imene batire imasunga. Kuti mupeze ma Wh mumachulukitsa ma volt ndi ma Ah olembedwa pabatirepo, mwachitsanzo 24 kuchulukitsa ndi 12 ndi 288. Ulendo woposa maola 4 umawonjezera chiopsezo cha kuundana kwa magazi m'mitsempha ya m'miyendo, ndiye azigwedeza mapazi, aziimirira pafupipafupi, ndipo funsani dokotala za masokosi ofinya. Pogula inshuwalansi ya ulendo tchulani matenda onse ndi opaleshoni ija. Mukabisa chimodzi akhoza kukana kulipira, ndipo chipatala cha ku America n'chodula koopsa.

Mwezi wopitira nawo ndi mankhwala. Kuyambira Juni mpaka Sepitembala ku Orlando kumatentha madigiri 32 kapena kuposa, kuli chinyontho, ndipo masana ambiri kumagwa mvula ya mabingu. Ngati mungathe, pitani pakati pa Novembala ndi Malichi, kupewa milungu ya Khirisimasi. Munthu wokhala panjinga amapsa ntchafu ndi pamwamba pa mapazi, ndipo mpando wakuda ukakhala padzuwa mphindi zochepa umawotcha. Ponyanipo kathawulo mukamatsika. Okalamba ambiri amadzimana madzi poopa kuvutitsa anthu ndi zopita kuchimbudzi, pamene mankhwala a BP ndi okodzetsa pakutentha amachititsa chizungulire munthu akangoimirira. Musadikire kuti apemphe. Madzi ozizira a m'kapu amapereka ulere m'malo ogulitsira zakudya zachangu, ndipo pali zimbudzi zazikulu zolowa anthu awiri zotchedwa companion restroom. Zidindeni pamapu m'mawa. Paki iliyonse ili ndi kachipatala ka thandizo loyamba, komwe angagone pang'ono ndiponso kusungitsa mufiriji mankhwala monga insulin. Mankhwala onse akhale m'chikwama cha m'manja, m'mapaketi ake, ndi ena a masiku angapo owonjezera.

Madzulo aliwonse, asanagone, wina amene amayi amamasuka naye ayang'ane thupi. Bondo lotupa ikanipo ayezi wokulunga m'kathawulo mphindi 15 mpaka 20, ndipo likadzuka lotupabe, tsikulo lisanduke lopuma ngakhale matikiti alipiridwa. Pakhungu la kumatako kapena kuzidendene pakasintha mtundu kapena kutentha osabwerera pakatha mphindi 30 atachoka panjinga, chilonda chayamba. Pamenepo pasakhalidwenso mpaka patachira. Katumba wa mwendo umodzi akatupa, kutentha ndi kupweteka, musamusisite, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Akayamba kubanika kapena kumva kupweteka pachifuwa, imbani 911, nambala ya zadzidzidzi ya ku America, nthawi yomweyo.